Giza ya gasi ya malemu bambo ikungozima yokha pakati pa kusamba, ndithandizeni

NaJere_wakuDedza

Moni nonse. Ndikulemba kuchokera pa Dedza boma, cha kumtunda kuno kufupi ndi phiri. Amene munagonapo kuno mwezi wa Juni kapena Julayi mukudziwa kuti madzi a m'mawa sagwirika, amaluma zala mpaka kumva kuwawa m'mafupa. Ndimakhala ndi mayi anga a zaka 79, ndipo nyamakazi inawagwira m'mawondo ndi m'manja. Akasamba madzi ofunda m'mawa, tsiku limawayendera. Akapanda kutero amangokhala pampando atafunda bulangete kudikira kuti dzuwa lifike pakhonde.

Bambo anga malemu anagwira ntchito ku Johannesburg zaka zambiri, ndipo pobwerera kumudzi mu 1998 anabwera ndi giza ya gasi, ija yopachika pakhoma, yopanda thanki, yotenthetsa madzi akamadutsa. Anaimanga okha m'kachipinda ka pakati pa khitchini ndi bafa, n'kuikapo chumuni chachitsulo chotulukira padenga. Zolemba za pakachitsulo kake zinafufutika, chomwe chikuwerengeka ndi 11 l/min basi, kutanthauza malita 11 a madzi pa mphindi. Siyendera magetsi kapena mabatire. Umakanikiza batani, kuyatsa kalawi kakang'ono kaja ndi machesi, kugwirabe batani kanthawi, kenako kusiya. Ukatsegula mpopi wa madzi otentha, moto waukulu umayaka wokha. Zaka zonsezi yatisunga, makamaka masiku amene magetsi azima.

Vuto layamba mwezi watha. M'mawa kalawi kaja kamavuta, ndimagwira batani mpaka chala kuchita dzanzi, ndikasiya kamazima. Kachitatu kapena kachinayi m'pamene kamakhazikika. Ndikatsegula shawa moto umayaka bwinobwino, madzi n'kutentha, koma pakatha mphindi zinayi kapena zisanu ndimamva kuti "kha", zonse n'kuzima. Dzana zinachitika mayi ali ndi sopo thupi lonse, madzi ozizira n'kuwakhuthukira pamsana. Anakuwa, ndipo ndinawatulutsa akunjenjemera. Mpaka pano mtima ukundiwawa. Ikazima choncho siilola kuyakanso nthawi yomweyo, mpaka padutse mphindi khumi kapena kuposerapo.

Ndinaganiza kuti gasi watha, ndinakadzazitsa silinda yathu ya 9 kg, koma palibe chasintha. Mnyamata wina amene amakonza mafiriji ndi masimbi kumsika anabwera kudzaona. Akuti pali kachipangizo kena pamwamba pa giza kamene kakudula moto, ndiye akhoza kungolumikiza mawaya ake awiri kuti kasamagwirenso ntchito, vuto n'kutha. Mtengo wake ndi wochepa ndithu, koma mtima wanga sunakhazikike, ndinamuuza kuti ndiganize kaye. Panopa ndikutenthetsa madzi pambaula 5 koloko m'mawa, ndipo thumba la makala likutha ngati shuga. Kodi ndimulole mnyamatayu? Kapena gizayi yakalamba, ndiitaye? Kuitaya kukundivuta chifukwa ndi ntchito ya manja a bambo anga.

WakuLizulu

Pepani ndi zimenezi mayi. Chinthu cha 1998 chagwira ntchito mokwanira. Ine ndinaika giza ya dzuwa padenga zaka zitatu zapitazo, sindigulanso gasi. Ganizirani zimenezo.

NaJere_wakuDedza

Zikomo achimwene. Ndinafunsapo mtengo wake, panopa sindingakwanitse. Komanso kuno chiperoni chikagwira timatha masiku atatu phiri losaoneka, ndipo ndi masiku omwewo amene mayi amafuna kwambiri madzi otentha.

Mmisiri_waKawale

Mayi, choyamba: mnyamatayo musamulole. Ndabwereza, musamulole. Ndakhala ndikumanga ndi kukonza zipangizo za gasi zaka zoposa 20, ndipo kachipangizo akufuna kukapha kaja n'kamene mwina kakusungani amoyo m'nyumbamo.

Mwafotokoza bwino kwambiri, moti ndikuona ngati gizayo ili patsogolo panga. Ndikufotokozereni mmene zakale zoterezi zimagwirira ntchito, kaya ndi Junkers, Vaillant kapena Paloma, nzeru yake ndi imodzi. Pafupi ndi kalawi kakang'ono kaja, kamene ife timati payiloti, pali kachitsulo kooneka ngati msomali. Dzina lake ndi thermocouple. Nsonga yake ikatenthedwa imatulutsa timagetsi tochepa zedi, cha m'ma 20 mpaka 30 mV, ndipo timagetsi timeneti timakoka kamaginito kamene kamagwira valavu ya gasi kuti ikhale yotsegula. N'chifukwa chake mumagwira batani poyatsa: chala chanu chimagwira valavu mpaka kachitsulo katenthe, kenako maginito amakulandirani. Timagetsi tija tikangoduka, sipuling'i imamenya valavu n'kutseka. "Kha" amene mukumvayo ndi ameneyo.

Tsono pa waya wa thermocouple opanga amalumikizapo alonda ena. Wina amakhala pa paipi ya madzi otentha, amadula madzi akatentha mopitirira. Wina amakhala pamwamba, pamene giza imakumana ndi chumuni, ndipo ntchito yake ndi kumva ngati utsi wotentha ukubwerera m'nyumba m'malo mokwera kunja. Akatentha amadula waya, ndipo salumikizanso mpaka atazizira. Mwanena kuti imayaka mphindi zinayi kapena zisanu, n'kuzima, n'kukana kuyaka mpaka mphindi khumi zitadutsa. Khalidwe limeneli ndi la mlonda amene watentha n'kumadikira kuzizira. Thermocouple yotopa siichita zowerenga mphindi chonchi.

Choncho ndikuganiza kuti muli ndi mavuto awiri osiyana. Kuvuta kuyaka m'mawa ndi payiloti yakuda kapena thermocouple yotha, nkhani yaing'ono. Kuzima pakati pa kusamba ndiye nkhani yaikulu. Ndiyankheni izi ndisanapitirire. Ikazima, kodi kalawi kakang'ono kamazimanso, kapena kamatsala? Moto waukulu ukamayaka, mukasuzumira pakawindo kake, mtundu wake ndi wotani? Pakhoma kapena pa siling'i pamwamba pa giza pali mwaye? Ndipo m'kachipindamo mpweya umalowera pati?

Mpaka tidziwe, musaiyatsenso. Tsekani pa silinda.

NaJere_wakuDedza

Bambo, zikomo kwambiri, mwandimasula. Kalawi kakang'ono kamazima limodzi ndi moto waukulu, sipatsala kanthu. Mtundu wa moto ndinauona sabata yatha: pansi ndi wabuluu koma pamwamba ndi wachikasu, ndipo umagwedezeka ngati wa kandulo. Kale sunali chonchi, ndikukumbuka unali wabuluu wokhawokha, timalawi tatifupi tondondozana. Mwaye ulipo, khoma lada kuchokera pagiza mpaka ku siling'i. Ndinkangoti ndi ukalamba wa nyumba.

Za mpweya, apa ndachita mantha. Pansi pa khoma la kunja bambo anaikapo njerwa ziwiri za mabowo. Chaka chatha mchimwene wanga atabwera ku tchuthi anazimata ndi simenti chifukwa pankalowa mphepo yozizira ndi makoswe. Tonse tinamuyamikira. Windo la m'kachipindamo ndi laling'ono ndipo nyengo ino timalitseka.

Namwino_Ntcheu

Achemwali, ndaona nkhani yanu ndili pa mpumulo, ndati ndisadutse. Za zitsulo ndiwasiyira bambo a ku Kawale, ine ndifunse za anthu. M'nyumbamo alipo amene wakhala akumva mutu, chizungulire, nseru kapena kufooka, makamaka m'mawa mukatha kusamba, n'kumapeza bwino akatuluka panja?

Ndikufunsa chifukwa moto wa gasi ukasowa mpweya wokwanira umatulutsa mpweya wa poizoni wotchedwa carbon monoxide. Ulibe fungo, ulibe mtundu, sutsokomoletsa. Fungo limene timamva gasi akamatuluka ndi mankhwala amene amathiramo dala, koma carbon monoxide alibe chenjezo lotero. Ukalowa m'magazi umakakamira pamene pamayenera kukhala okosijeni, ndipo umagwira mwamphamvu kuposa okosijeniyo maulendo oposa 200. Munthu amangoona ngati malungo akuyamba, amakagona, ndipo ena sadzukanso. Okalamba, ana ndi amayi oyembekezera ndi amene umawagwetsa msanga.

Ndi mpweya womwewo umene umapha anthu ogona ndi mbaula m'nyumba yotseka nyengo yozizira. Ndiye mbaula yanu ya 5 koloko ija ikhale pakhonde, osati m'khitchini motseka chitseko, ngakhale kuzizire chotani. Wina akadzamva mutu waukulu, kusanza kapena kusokonezeka maganizo, mutulutseni panja pa mphepo ndipo muthamangire naye kuchipatala, mukanene kuti mukukayikira utsi wa gasi kapena wa makala.

NaJere_wakuDedza

Achemwali, ndawerenga kawiri, manja akunjenjemera. Mdzukulu wa mayi, mtsikana wa Fomu 2 amene timakhala naye, ndi amene amasamba pomaliza komanso amachapa m'kachipinda momwemo. Milungu itatu yapitayi wakhala akudandaula mutu m'mawa. Tinakamuyezetsa malungo, sanapezeke nawo. Ndinkaganiza kuti ndi maso chifukwa amawerenga usiku. Chiyambire kutenthetsa madzi pambaula, sanadandaulenso. Mbaulayo ili pakhonde, mayi salola makala m'nyumba chiyambire kale.

Mmisiri_waKawale

Ndiye zagwirizana. Lawi lachikasu, mwaye, mabowo a mpweya omata, mwana womva mutu, ndi giza yozima pa mphindi zisanu. Mayi, gizayo siikudwala ukalamba, ikubanika. Ya 11 l/min imakhala ya mphamvu cha m'ma 20 kW, kutanthauza kuti ikamayaka mokwanira imadya gasi pafupifupi kilogalamu imodzi ndi theka pa ola. Moto woterowo umafuna mpweya wambiri, sungaupeze m'kachipinda kotseka. Onjezani kuti Dedza ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,600, kumene mpweya ndi wopepukirapo kusiyana ndi kunyanja. Bambo anu ankadziwa zimene ankachita poika njerwa zija.

Zoti muchite ndi manja anu ndi izi. Gumulani simenti ija lero, njerwa zonse ziwiri. Za makoswe, khomanipo waya wa sefa wolimba, mpweya uzidutsa. Pezani wachinyamata akwere padenga, giza ili yozima ndi yozizira, akaone chumuni. Aone ngati kachipewa kake kalipo, aunike ndi tochi mpaka pansi. Ndachotsamo zambiri m'machumuni: zisa za mbalame, dothi la mavu, ngakhale mbalame youma. Aonenso molumikizira mapaipi m'denga, chifukwa dzimbiri likaboola pamenepo utsi umadzaza mu siling'i n'kutsikira kuzipinda zogona.

Zotsalazo ndi za mmisiri wodziwa gasi, osati wa mafiriji. Atsegule chivundikiro, atsuke timapeto ta mkuwa timene madzi amatentherapo, chifukwa mwaye ukadzaza pakati pake utsi umasowa podutsa. Achotse mabena, tizitsulo timene pamayakira moto waukulu, awapukute, akangaude amakonda kumanga m'mabowo olowera mpweya. Payiloti aipemerere ndi mpweya, asaitokose ndi singano, chifukwa bowo likakula silibwereranso. Lawi la payiloti likhale labuluu, lolimba, lokuta nsonga ya thermocouple. Nsongayo akhoza kuipala pang'ono ndi sandipepa wosalala, koma ngati ili ya 1998 yomweyo ingosinthani, si yodula. Kanati kake amange ndi zala n'kuonjezera pang'ono chabe ndi sipanala. Akamaliza apake thovu la sopo molumikizira monse, likatukusira ndiye kuti gasi akutuluka. Machesi sayesera gasi.

Mmisiri amene anganene kuti "tingolumikiza mawaya", mutsegulireni geti azipita.

Maseko_paJoni

Mayi, ndikupatsani moni kuchokera ku Germiston, kwathu ndi ku Tsangano. Kuno magiza a gasi ndi ambiri ndipo nyengo yozizira imafanana ndi ya kwathu, ndiye ndionjezere za silinda, ngakhale ndikugwirizana ndi bambo a ku Kawale kuti vuto lanu lalikulu ndi chumuni.

Silinda ya 9 kg ndi yaing'ono pa giza yotero. M'silinda gasi amakhala wamadzimadzi, ndipo kuti atuluke ngati mpweya amayenera kuwira, pogwiritsa ntchito kutentha kochokera kunja kudzera m'chitsulo cha silindayo. Mukamakoka wambiri nthawi imodzi silinda imazizira, imachita thukuta, nthawi zina mpaka chisanu choyera m'munsi, ndipo mphamvu ya gasi imatsika. Gasi wophikira ndi msakanizo wa propane ndi butane. Propane amawira ngakhale pa -42°C, koma butane amaleka kuwira cha pa 0°C, ndiye m'mawa wozizira silinda yotsala pang'ono imakhala ndi gasi mkati koma osatuluka bwino. Ine zinandivutapo mpaka ndinagula ya 19 kg. Mukapeza ndalama teroni, ndipo ya 9 kg ikhale ya pa sitovu. Musathire madzi owira pa silinda kapena kuyandikiza mbaula kuti ifunde, komanso musaigoneke chammbali.

Onaninso regyuleta, kachipangizo ka pakamwa pa silinda kochepetsa mphamvu ya gasi, ndi paipi ya labala. Regyuleta yoyenera ndi ija yolembedwa 2.8 kPa. Paipi imakhala ndi chaka chimene inapangidwa cholembedwa pambali pake, mukaipinda n'kuona timing'alu, itayeni. Silinda ikhale panja pa mthunzi, chifukwa gasiyu ndi wolemera kuposa mpweya, akatuluka amayenderera pansi n'kudikha m'malo otsika.

NaJere_wakuDedza

Ndabweranso, papita masiku asanu ndi limodzi. Ndati ndikuuzeni zonse monga mmene zachitikira.

Tsiku lomwelo ndinatenga hamala ndi chizulo n'kugumula simenti ija ndekha. Mphepo imene inalowa pamenepo inandiuza kuti kachipindako kanali ngati m'botolo. Mawa lake mwana wa aneba anakwera padenga. Kachipewa ka chumuni kulibe, katsala kachitsulo kamodzi kodyeka ndi dzimbiri, mwina kanauluka ndi mphepo ya mvula yapitayi. Ataunika ndi tochi sanaone pansi. Anapinda waya n'kuyamba kukoka, ndipo zimene zinatuluka zinadzaza theka la ndowa: udzu, nthenga, tizingwe ta matumba a feteleza, zonse zakuda bii ndi mwaye. Chinali chisa cha mbalame, ndipo pansi pake panali chibuma cha dothi la mavu. Ndinaima pabwalo n'kumayang'ana ndowayo, n'kukumbukira kuti ndinatsala pang'ono kumulola mnyamata uja.

Mmisiri ndinamupeza kudzera kumene timadzazitsa gasi ku Lilongwe. Anabwera Loweruka pa minibasi, ulendo wa makilomita pafupifupi 85, ndipo ndinalipira thiransipoti yake ndi ntchito. Ndalama yake inandipweteka, koma ndi yochepa poyerekeza ndi giza yatsopano. Atachotsa chivundikiro anandiitana kuti ndione ndekha. Timapeto ta mkuwa tija sitinkaoneka, tinali titamatana ndi mwaye. Anatitsuka panja ndi bulashi ndi madzi, mabena anawapukuta limodzilimodzi, ndipo m'mabowo awiri munalidi ukonde wa akangaude monga munanenera bambo. Thermocouple inali yopsa kunsonga, anaika ina imene anabwera nayo. Kachipangizo ka pamwamba kaja anakayesa n'kunena kuti kali bwino, kasakhudzidwe. Paipi ya labala inalembedwa 2009, ndipo ataipinda inang'ambika pamaso panga. Anasintha paipi ndi regyuleta. Kachipewa katsopano anatikhomera ndi bambo wina wokhoma ndowa kumsika, ndi waya wa sefa kuzungulira kuti mbalame zisalowenso.

Atayatsa, payiloti inagwira ulendo woyamba. Moto unali wabuluu wokhawokha, timalawi tatifupi tondondozana, ndendende mmene ndinkauonera ndili mtsikana bambo akundiphunzitsa kuyatsa. Tinatsegula mpopi mphindi 20, tikutungira m'ndowa kuti madzi asatayike, ndipo siinazime. Mmisiriyo anayatsa kapepala n'kukazimitsa, n'kuika utsi wake pafupi ndi pakamwa pa chumuni, utsiwo unakokedwa kukwera m'mwamba. Anandiuzanso kuti ndigule kachipangizo kolira kakamva carbon monoxide, ndipo ndatuma msuweni wanga amene akubwera kuchokera ku Joni mwezi wamawa.

Mayi asamba masiku atatu otsatizana popanda vuto, ngakhale tsiku loyamba anakana kulowa m'bafa mpaka nditaimirira pakhomo ndi ketulo ya madzi otentha m'manja. Mtsikana uja mutu sunamubwererenso. Mchimwene wanga ndinamuimbira, ndipo anakhala chete nthawi yaitali pafoni. Sindinamudzudzule, tonse tinagwirizana nazo zomata zija.

Katsala kanthu kamodzi, bambo a ku Kawale. Wina akatsegula mpopi wa kukhitchini munthu ali m'shawa, moto waukulu umazima, koma kalawi kakang'ono kamatsala, ndipo akatseka mpopiwo moto umabwerera. Kodi izinso ndi zoopsa? Madzi athu amachokera m'thanki imene ili pa nsanja, kutalika kwake mwina mamita anayi.

Mmisiri_waKawale

Ndasangalala kwambiri mayi, ndipo mupereke moni kwa agogo. Izi zatsalazi si zoopsa. Payiloti ikatsala, ndiye kuti alonda aja sanadule, nkhani ili kumbali ya madzi. Pansi pa giza pali kachibakuli ka mkuwa kokhala ndi labala mkati. Madzi akamayenda mwamphamvu amakankha labalayo, labala n'kukankha kamsomali kotsegula gasi wa moto waukulu. Madzi akachepa, moto umazima kuti paipi isapse. Mamita 10 a kutalika amapereka mphamvu ya pafupifupi 1 bar, ndiye thanki ya mamita anayi ikukupatsani 0.4 bar, ndipo pofika pa mutu wa shawa imakhala yocheperapo. Mpopi wachiwiri ukatsegulidwa, yotsalayo siikwana.

Yambani ndi zosalira ndalama. Masulani mutu wa shawa muunyike mu viniga usiku wonse, timabowo titseguke. Polowera madzi ozizira m'giza pali kasefa kakang'ono, tsekani madzi, kachotseni mukatsuke, m'mathanki mumatsika mchenga ndi ndere. Posamba musasakanize madzi ozizira ambiri, chifukwa amalanda mphamvu ya otentha. Ngati akutentha kwambiri chepetsani moto pa giza pomwepo. Zikapitirira, mmisiri uja adzasinthe labala ija akadzabweranso, pakuti ya zaka zimenezo imakhala itauma. Ndipo abwere chaka chilichonse mwezi wa Epulo kapena Meyi, kuzizira kusanayambe, adzaone chumuni ndi mabena.

NaJere_wakuDedza

Kasefa ndakachotsa madzulo ano, kanali kodzaza mchenga ndi tizidutswa ta dzimbiri. Mutu wa shawa uli mu viniga m'kapu pawindo. Ndalemba kapepala n'kumata pa mpopi wa kukhitchini kuti agogo akamasamba wina asatsegule, ndipo Meyi wa chaka chamawa ndamulemba kale kuseri kwa kalendala.